Achimwene Akujambulabe Mkungudza Uja

Seattle, 9 Novembala 1981

Okondedwa asuweni a Fumiyo,

Ndikhulupirira nonse ku Wakayama muli bwino. Kuno mvula yayamba, mawondo anga nawo ayamba zawo zija. Tiyi munatumiza uja anafika, zikomo.

Munafunsa za achimwene a Tamotsu. Akujambulabe. Mukudziwa kuti chiyambire unyamata wawo, ngakhale kumisasa ya m'chipululu kumene boma linatitsekera nthawi ya nkhondo, iwo zawo ndi mitengo ndi anthu basi. Kumapiri sapitakonso, chifukwa mwezi watha anasochera pochokera kogula utoto, mpaka anachita kuwabweretsa apolisi. Tsopano amangojambula mkungudza wa kuseri kwa nyumba, akazi awo, alamu a Chiyeko, atakhala patsinde.

Lachiwiri ndinali komweko. Dzanja la achimwene silinjenjemera, nkhope ya alamu inatuluka ndendende. Atamaliza kujambula anawerama mwaulemu nati kwa alamu, "Zikomo mayi, mumadziwa kukhala osagwedezeka. Koma amuna anu sadandaula kuti mumabwera kuno tsiku ndi tsiku?"

Alamu anati, "Ayi bambo, amuna anga ndi munthu wabwino."

"Mukawapatse moni."

"Akamva," anatero alamu uku akutsuka maburashi. Kenako anaphika mpunga ndi nsomba, tinadya.

Adokotala ananena zawo, koma si zolemba m'kalata. Paja munkati mudzabwera chaka chamawa kukayamba kutentha. Ngati n'kotheka, musadikire mpaka nthawi imeneyo. Ine pakadali pano achimwene amanditchulabe dzina.

Moni kwa ana onse.

Ine msuweni wanu,
Harue