Moni wa Ababa Pamutu wa Tsamba

Achimwene okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kupatula mawondo a amayi, ndi mutu wangawu umene ababa auzunguza.

Nkhani ndi tsamba la pa intaneti lija munawakonzera musanachoke, loti anthu adziwe kuti amakonza mawotchi. Mukukumbukira mutu umene anakulembetsani? "Takulandirani nonse, abale ndi alendo, khalani omasuka, kuno ndi kwanu, timakonza mawotchi." Inu munangovomera poopa mkangano, n'kundisiyira ine moto.

Achimwene, munthu amene wotchi yake yaima salemba "takulandirani" pafoni! Amalemba "wokonza mawotchi". Nditayesa ndekha ndinatipeza kumunsi kwenikweni kwa mndandanda wa zotsatira, kumene safikako munthu, mutu wathu utadukira pa "khalani". Mawotchiwo osaoneka n'komwe.

Miyezi inayi ababa akhala akungopukuta tebulo lopanda ntchito. Masabata atatu apitawo ndinawapeza akukulunga tizitsulo tawo m'kansalu, akuti mwezi ukatha atseka, dziko silikufunanso manja awo. Zaka makumi atatu pampando umene uja! Mtima unandipweteka. Ndinawafotokozera bwinobwino za mutuwo, koma iwo akuti munthu woleredwa bwino sayamba kutchula malonda asanapereke moni.

Ndiye ndiulule. Ndinapeza mawu achinsinsi olowera patsambalo m'kakope kanu kaja munasiya m'dilowa, ndinalowa, n'kusintha mutu. Tsopano umangoti "Kukonza mawotchi apamkono ndi apakhoma, kusintha mabatire". Basi.

Pasanathe milungu iwiri anthu anayamba kugogoda. Ababa kudzitama kwake eti, akuti mwaonatu, ulemu umaitana anthu. Sanadziwe kuti ndinasintha mutu. Mpaka namwino wina anawaonetsa pafoni mmene anawapezera. Ababa anayang'anitsitsa, anavula kagalasi kawo ka padiso kogwirira ntchito kaja, n'kuzindikira kuti ndinachotsa moni wawo.

Lero ndi tsiku lachisanu osandilankhula. Akafuna tiyi amaitana amayi ndi mawondo awowo, ine ndili chiimire pomwepo. Zikundiwawa, komanso zanditopetsa. Ndipo amayi andinong'oneza kuti Lamlungu ababa akuimbirani foni kuti mubwezeretse moni wawo.

Ndagwira mwendo wanu, ulendo uno musavomere. Muwauze ndinu, poti mawu anu amawamva kuposa anga. Moni wawo sindinautaye ayi. Ndaulemba ndi penti pamwamba pa chitseko, wonse, osadula liwu ndi limodzi lomwe. Koma kuti mlendo alandiridwe, ayambe wafika kaye!

Pamene ndikulemba pano mawotchi asanu ndi awiri akudikira patebulo, ndipo tizitsulo tija tatuluka m'kansalu. Kuli bwino andikwiyire akugwira ntchito kusiyana ndi kundimwetulira atatseka.

Mulungu akusungeni kumeneko. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, wautali ngati wa ababa.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa pakhomo pano