Magetsi aulere ndi a mphaka

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndilipo, msana wokha ndiwo ukundivutabe.

Mwati amalume akuuza anthu m'misonkhano ya chipani kuti kuno ku Qatar boma limasamala aliyense, magetsi ndi madzi n'zaulere, ndipo umboni wawo ndine. Tamvani izi.

Lachiwiri ndikukolopa, ndinapeza AC, makina oziziritsa m'nyumba aja, ikulira m'chipinda mopanda munthu. Dzanja lozolowera kusunga mayunitsi kwathu linangozimitsa lokha. Madamu amene ndimawagwirira ntchito atazindikira, anandikalipira pamaso pa alendo.

"Yalla, kayatse msanga. Mumagona mphaka mmenemo. Ife magetsi sitilipira, boma lathu limatilipirira."

Ndinakayatsa. Kenako ndinapita kukachipinda kanga kuseri kwa khitchini, komwe AC inafa kalekale. Ndikawakumbutsa amangoti "bukra", kutanthauza mawa, ndipo mawalo silifika.

Zaulerezo zilipodi, achemwali, koma n'za eni dziko. Ife tinabwera kudzazipukuta fumbi.

Munditumizireko zithunzi za ana, ndipo Mulungu akusungeni nonse. Amalumewo muwauze asiye kutchula dzina langa pamsonkhano. Akafuna umboni, azitchula mphaka.

Ndine mng'ono wanu,
Tiyamike