Ndinachotsa Alamu Anga Kuti Pakhale Mtendere

Aphungu,

Ndine bambo wachikulire, mlimi wa fodya ndi chimanga kuno ku Nsaru, komanso mkulu wa mpingo. Abusa athu amayang'anira matchalitchi angapo, ndiye chaka chino andipatsa ine kuti ndilalikire pa Khirisimasi ku tchalitchi chathu chaching'ono cha kumudzi. Mutu wake ndi mtendere umene angelo analengeza kwa oweta nkhosa ku Betelehemu. Kulalikira sindinayambe lero, koma ulaliki uwu wandikanika. Ndikati ndikonzekere, ndimangotseka Baibulo n'kutuluka panja.

Mlongo wanga Ezeliya anamwalira mu Febuluwale, chimanga chitangoyamba kubereka. Anasiya amuna ake, a Andrea, ndi mwana wamkazi, Loyce, amene ali folomu yomaliza ku sekondale. A Andrea kwawo ndi ku Nambuma. Anabwera kwathu ngati mkamwini ali mnyamata, ndipo imvi zawapeza ali nafe. Nyumba ya malata imene ankakhala ndi Ezeliya anaumba okha njerwa zake. Dimba la malemu mayi athu linali litasanduka tchire, iwo ndi amene analidzutsa n'kukumbamo chitsime. Iwo ndi Akatolika, ife ndife a CCAP, koma zimenezi sizinayambanitsepo munthu.

Vuto linayambira pamaliro pomwepo. Mlongo wanga wamng'ono, Rute, amene anabwerera kumudzi ndi ana ukwati wake utatha, anayamba kulira mokweza kuti a Andrea anachedwetsa Ezeliya kupita kuchipatala chifukwa ankathyola fodya. Aphungu, zimenezi sizoona, ndipo ine ndikudziwa. Ndinalipo pamene a Andrea anabwera ndi njinga yamoto pakhomo, Ezeliya n'kukana kukwera. Anati, "Ndi malungo wamba, achimwene, musandiyendetse ngati katundu." Koma pamaliro sindinayankhule. Ndinati munthu wolira satsutsidwa, nkhaniyi izilala yokha.

Sinazilale. Tsiku lometa, Rute ndi abale a a Andrea anatukwanizana mpaka anthu a mpingo anayamba kuchoka. Ine ndiye mwini mbumba, maso onse anali pa ine. Ndinaitana ankhoswe tsiku lomwelo n'kunena kuti a Andrea tiwasudzule. Mukudziwa kuti kwathu kuno mwamuna woferedwa sasudzulidwa mbewu imene analima ndi malemu ikadali m'munda. Ndiponso mkamwini wakhalidwe, amene ali ndi mwana pakhomo, timamumasula kenako n'kumuuza kuti akhale alere mwanayo. Ankhoswe anandikumbutsa zimenezi. Ine ndinati nthawi ino ndi ina.

A Andrea sanakweze mawu. Anangondifunsa kuti, "Alamu, mukundimasula kuti ndikhale, kapena kuti ndichoke?"

Ndinayankha kuti, "Pitani kaye kwanu, mitima izizire. Pano tikufuna mtendere."

Anamangirira zovala zawo pa njinga n'kunyamuka. Chimanga anachisiya m'munda, fodya m'chigafa. Amene anakolola ndi Rute, ndipo analowa m'nyumba muja ponena kuti akuyang'anira Loyce.

Kuchokera pamenepo pamudzi pali zii. Palibe wotukwana mnzake. Anthu amandiyamikira kuti ndinathetsa nkhani mwanzeru osafika nayo kubwalo, ndipo kwa kanthawi inenso ndinkakhulupirira choncho. Ndinakumana ndi a Andrea kamodzi pamsika wa Nsaru mu Okutobala. Aonda. Ndikumva kuti amagona m'kanyumba kophikira ka mkulu wawo ndipo amachita ganyu m'minda ya anthu. Anandipatsa moni mwaulemu ngati kale, kenako anati, "Chitsime chija mukachotsemo matope mvula isanayambe, apo ayi chikwiririka." Ndinalephera kuwayang'ana kumaso.

Lamlungu lapitali achinyamata ankakonzekera sewero la Khirisimasi. Loyce anamusankha kuti akhale Mariya, iye n'kukana. Ndinapita kukamufunsa chifukwa chake, ndinamupeza akutsuka mbale. Sanadzutse mutu. Anati, "Atsibweni, ndamva kuti mulalikira za mtendere. Ndi uja munawapatsa abambo anga uja, eti?"

Kenako anapitiriza. "Tsiku la Khirisimasi ndikupita ku Nambuma. Sindibweranso."

Ndinati, "Nanga mayeso?"

Anati, "Abambo akudya okha. Wina akawaphikire."

Mwanayu ndi wanzeru m'kalasi, ndipo mayi ake ankalakalaka atadzakhala namwino. Akapita kumeneko sukulu ithera pomwepo, chifukwa a Andrea pakali pano alibe pomugoneka ngakhale chomulipirira. Ndikamuletsa monga mwini mbumba, athawa basi. Ndikaitana a Andrea kuti abwerere, Rute ayatsa moto, ndipo bata limene tili nalo lithera pa Khirisimasi penipeni. Ndichite chiyani, Aphungu? Kodi ndiuze abusa kuti apeze wina wolalikira?

Y.C., Nsaru

*

A Y.C.,

Pepani chifukwa cha imfa ya mlongo wanu. Kalata yanu mwailemba moona mtima, ndiye nanenso sindikuzungulirani.

Tiyambe ndi zimene zinachitika, osati dzina limene munazipatsa. Munthu ananamiziridwa inu mukudziwa zoona, ndipo munakhala chete. Mwambo umati adikire kukolola, inu munawudumpha ankhoswe akukuchenjezani. Anachoka wosalakwa, wotukwana n'kulowa m'nyumba yake. Pamudzi palidi zii, koma ndi chifukwa chakuti amene akanadandaula munamuchotsa. Loyce waona zimenezi. Funso lake lija si mwano.

Mwati ulaliki wakukanikani. Ine ndikuona kuti wakukanikani chifukwa nkhaniyo mukuidziwa bwino. Iwerengeninso mofatsa, muiwale kaye za sewero la achinyamata. Nthawi imene Yesu ankabadwa, ufumu wa Aroma unkadzitama kuti wabweretsa mtendere m'maiko onse amene unkalamulira. Unali mtendere wosungidwa ndi asilikali, ndipo lamulo lake la kalembera ndi limene linayendetsa mayi woyembekezera ulendo wautali mpaka kukachirira m'malo a ziweto. Mtendere wa mtundu umenewo unalipo kale usiku umene uja. Angelo sakanavutika kudzalengeza chinthu chimene chinalipo kale. Ankanena za mtendere wina.

Munthu amene muyenera kumuyang'anitsitsa ndi Yosefe. Atadziwa kuti Mariya ali ndi pakati, anaganiza zomusiya mwakachetechete kuti pasakhale manyazi kapena phokoso. Anali munthu wabwino, ndipo njira yake inali yofatsa. Anthu a m'mudzi mwake akanamuyamikira kuti wathetsa nkhani mwanzeru. Koma mngelo anamuletsa, n'kumuuza kuti amutenge mkaziyo apite naye kunyumba. Kumvera kumeneko sikunamupatse bata. Kunamupatsa miseche, ulendo, kenako kuthawira dziko lachilendo ndi khanda. Kusiyana kwanu ndi iye n'kwakuti iye ankaganiza zosiya Mariya asanadziwe zoona, pamene inu munadziwa. Kufanana kwanu n'kwakuti naye anasintha maganizo, ndipo nanunso mungathe.

Mtendere wa Khirisimasi, monga mipingo yonse iwiri, wanu ndi wa a Andrea, imaphunzitsira, ndi kuyanjanitsa amene anatalikirana, kuyambira Mulungu ndi munthu. Ndipo Mulungu sanangotumiza uthenga. Anabwera yekha, n'kulowa m'malo osauka. Sitepe yanu yoyamba ndi yomweyo.

Pitani ku Nambuma Khirisimasi isanafike. Musayimbe foni, musatume munthu, ndipo Rute musamutenge. Tengani ankhoswe omwe aja munawakana, chifukwa chimene chinamangidwa pamaso pawo chiyenera kumasulidwa pamaso pawo. Mukafika, mukanene zinthu ziwiri abale a a Andrea akumva: kuti Ezeliya anakana yekha kupita kuchipatala ndipo inu munalipo, komanso kuti munalakwitsa kuwasudzula mbewu ili m'munda. Mukamaliza musawonjezere mawu akuti "koma". Zifukwa zanu akuzidziwa kale. Chimene sanamve ndi kuvomera kwanu.

Musakawapemphe kuti aiwale. Mukawafunse chimene akufuna. Mwina afuna kubwerera m'nyumba yawo. Mwina ayi, pakuti munthu amene anachoka pa njinga anthu akuonerera sabwerera msanga. Chisankho n'chawo. Koma kaya abwerere kaya asabwerere, zimene anakhetsera thukuta ziwabwerere. Chimanga ndi fodya wa chaka chino anali awo ndi Ezeliya. Mudziwenso kuti lamulo la dziko lino la chuma cha masiye limateteza mwamuna kapena mkazi wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa malemu ndi mlandu. Za dimba, pokhala malo a makolo, zili ndi njira yake, ndipo mungafunse ku ofesi ya boma yoona za chuma cha masiye kuti musalakwitsenso. Kungoti a Andrea sanakusumireni sizikutanthauza kuti analibe pokasuma. Anakusungirani ulemu.

Mukabwerako, khalani pansi ndi Rute, awiri. Musamutenge ngati mdani. Ndi mayi amene ukwati unamuthera, ali ndi ana, alibe munda wokwanira, ndipo chisoni chake chinasakanikirana ndi mantha a njala. Vuto lake ndi lenileni, koma yankho lake silinali nyumba ya Loyce. Inu ndinu mwini mbumba wa onse, choncho kumupezera polima ndi pogona ndi ntchito yanu. Muuzeninso maso ndi maso kuti zimene ananena pamaliro sizoona, ndipo muzibwereze pamaso pa banja, pakuti bodzalo linanenedwa pagulu. Akwiya. Mwina sakuyankhulani mpaka chaka chatsopano. Mkwiyo umenewu munayenera kuupirira mu Febuluwale, munangouchedwetsa.

Loyce musamuletse. Muuzeni lero kuti mukupita kwa bambo ake, ndi zimene mukukanena. Mwanayu sakuthawa sukulu. Akupita kukagwira ntchito imene akuluakulu mwaisiya, yosamalira munthu amene munamutaya. Akaona kuti mwaitenga inu, sadzakhala ndi chifukwa choisenzera. Ndikukhulupiriranso kuti a Andrea safuna kuti mwana wawo asiye mayeso chifukwa cha iwo, ndipo mawu awo adzawamva kuposa anu. Ngati afunabe kukadya Khirisimasi ku Nambuma, muperekezeni nokha, ndipo mugwirizane ndi bambo ake, iye akumva, za tsiku lobwerera kusukulu ndi kumene azikhala mpaka alembe.

Za ulaliki, yankho likudalira ulendowo. Mukapita, lalikirani. Mudzakhala mukudziwa zimene mukunena kuposa zaka zonse zapitazi. Mukalephera kupita, apempheni abusa apeze wina, ndipo muwauze chifukwa chenicheni.

Chenjezo langa ndi ili. Nkhaniyi musakwere nayo pa gome. Musaulule za banja lanu mu ulaliki, musamubaye Rute ndi vesi, ndipo musaitanire a Andrea ku tchalitchi kuti anthu aone kuti mwagwirizana. Mukatero adzakhala agwiritsidwanso ntchito kachiwiri kuti dzina lanu limveke bwino. Konzekeraninso kuti mwina akakulandirani mozizira, ndipo Khirisimasi ya chaka chino kwanu ikhala ya nkhope zokwinya. Zimenezo zisakubwezeni m'mbuyo. Miyezi imene bamboyu wagona m'kanyumba kophikira simungaibweze, ndipo chisoni chimenecho mukhala nacho. Chimene chikadali m'manja mwanu n'chakuti sukulu ikamatsegulidwa mu Januwale, Loyce akakhale pa desiki yake, akudziwa kuti bambo ake adya ndipo dzina lawo layeretsedwa. Nyamukani sabata ino.

Aphungu