Ababa Akupuma ku Room

Gulu: Holiday ya ku Moz
Ireen, Ganizani, Sharon

LACHIWIRI

Sharon 10:12
📷 taonani pool ya pa lodge yathu alamu, nyanja ili pomwepa. Kondi ndi Maureen akukana kutuluka kkkk

Ireen 10:31
yabwino. ku Gurue munyamuka liti?

Ireen 10:44
Gani ndikufunsa iwe. mwatsala ndi masiku atatu

Ganizani 11:02
sis tikukambirana kaye. pali ma option awiri

Ireen 11:03
option yachiwiri yachokera kuti?

Ireen 11:05
ababa unawatenga kuno ku Chinakanaka ukulumbira kuti ukawaonetsa mlongo wawo ku Gurue. chiwasiyanitsireni nkhondo ya ku Mozambique sanaonanenso, ife tinkati azakhali aLuwiza anamwalira. lero apezeka amoyo iwe ukuti ma option

Sharon 11:09
alamu pls tisakokomeze. ndaona pa map, kuchoka ku Quelimane kuno ndi 6 hrs. kukaona chani? ndagugula, ku Gurue kuli phiri ndi minda ya tiyi basi. munthu kudula passport kuti ukaone Mulanje wachiwiri? 😂

Ireen 11:10
kukaona munthu, mlamu. sakapita kukajambula tiyi

Sharon 11:13
ok koma tiganize za ana. kumudzi kumeneko network ilipo? madzi? toilet ndi yokumba for sure. Kondi ali ndi ma allergy

Ireen 11:14
mxii

Ireen 11:16
bambo ake a Kondiyo anakulira m'malaini a pa esiteti, chimbudzi chimodzi nyumba sikisi. unamupeza ali ndi allergy?

Ganizani 11:17
sis zimenezo zachokera kuti

Sharon 11:21
and kunena zoona apongozi atopa. akufunika rest. dzulo pa dinner anayamba kucheza Chilomwe ndi ma waiter, kuseka mokweza, azungu onse kucheuka. wina mpaka anakoka mpando kukhala nafe pa table. ine manyazi eish

Ireen 11:23
manyazi? pa border ya Milange anakuyankhulirani ndani? apolisi a pa roadblock ya Mocuba anakusiyani chifukwa cha English yako ya ku Area 47?

Ireen 11:24
Chilomwe chikamakutsegulirani msewu nchabwino, chikafika pa table chanunkha

Sharon 11:25
sindinatero ine. Gani tayankhula ndi achemwali ako

Ganizani 11:40
tavota kuno kuti pasakhale kukondera. beach 4, Gurue 1

Ireen 11:41
kkkkk mwavota. Maureen wa zaka zitatu wavotanso?

Ganizani 11:42
ndi holiday ya family sis, aliyense ali ndi mawu

Ireen 11:42
ababa anati chani

Ganizani 11:45
angoti chabwino

Ireen 11:46
chabwino wa ababa sukumudziwa iwe? apatse foni ndiyankhule nawo

Ganizani 11:58
apita ku room. bola mawa

Ganizani 11:59
tidzabwera December, special ya ku Gurue yokha. promise

Ireen 12:03
🎤 1:47

Ganizani 12:20
sindimvera voice note yotukwana ine

Ireen 12:21
palibe chotukwana. ndati azakhali ali ndi zaka 81, uwaimbire wekha uwauze kuti asafe kaye mpaka December wakoyo

LACHITATU

Sharon 08:35
📷 boat trip!! 🌊

Sharon 08:36
📷

Ireen 09:10
ababa sindikuwaona pa zithunzipa

Ganizani 09:52
atsala, akupuma ku room

Ireen 09:53
mankhwala a BP amwa?

Ganizani 09:53
yes

Ireen 13:15
mwabwerako? ndikufuna kuwamva mawu

Ireen 15:02
Gani

Sharon 15:48
alamu relax. tauza ma waiter aziwapititsira chakudya ku room konko, amamasuka akamadya okha. room yawo ili kuseri, kulibe phokoso. ali bho kwambiri

Ireen 15:50
mwawabisa kuseri ngati njinga yakuba

Sharon 15:51
wow. ok

Ganizani 17:30
ndachokako pompano, agona. kutentha kwa kuno kwawafooketsa. usawavutitse sis

LACHINAYI

Ireen 08:04
mwadzuka bwanji kumeneko a ma holiday

Ganizani 08:19
bho sis. wasiya kulusa?

Ireen 08:20
ndasiya. ababa adzuka bwanji?

Ganizani 08:22
ali fit. tangomwa nawo tea

Ireen 08:22
wamwa nawo iweyo?

Ganizani 08:23
eya

Ireen 08:23
adya chani

Ganizani 08:25
bread ndi mazira. bwanji ukufunsa ngati wapolisi

Ireen 08:26
mlamu nawenso unali pa table pomwepo?

Sharon 08:28
ndinawapatsa moni ine, anali jolly

Ireen 08:29
zikomo. ndimafuna muyankhe nonse awiri

Ireen 08:30
📷

Ireen 08:31
taonetsetsani bwinobwino, mupange zoom. avala chipewawo ndi bambo ako, Gani. agwirana nawo dzanjawo ndi azakhali aLuwiza. kumbuyoko ndi phiri la Mulanje wachiwiri uja

Ireen 08:33
chatumizidwa 6 koloko m'mawa uno pa foni ya Lizzie, mwana wa azakhali

Ganizani 08:33
what

Ganizani 08:34
📞 mwaphonya foni

Ganizani 08:34
📞 mwaphonya foni

Ireen 08:36
usandiimbire, ndili ndi kasitomala pa mashini osokera. thamanga ukagogode ku room ukaone amene wamwa naye tea

Ganizani 08:44
kulibe. chikwama chawo kulibenso. Mulungu wanga

Ireen 08:47
ananyamuka DZULO kusanache. waiter uja anakuchititsa manyazi mlamu ndi amene anawakweza pa njinga yamoto mpaka pokwerera chapa, ma minibus a kumeneko. Quelimane, Mocuba, Gurue. munthu wa zaka 76, yekha, tsiku lonse. anafika dzuwa likulowa

Ireen 08:48
nthawi imene iwe unkati wachokako pompano agona

Sharon 08:51
koma izi ndi irresponsible!! munthu wamkulu kungosowa osatsanzika? chikanawachitikira chinthu anthu akanati ndi ife. and waiter ameneyo ndimupanga report

Ireen 08:52
umupange report kuti anadziwa kumene kuli apongozi ako iwe usakudziwa?

Ireen 08:54
kutsanzika anatsanzika. akuti anaima pakhomo panu Lachiwiri masana, Gani anawauza kuti ababa tikambirana later ndili pa call

Ganizani 08:57
sis ndinkaganiza kuti akufuna remote ya TV

Ireen 08:57
kkkkkk remote

Sharon 09:01
mankhwala awo a BP ali mu handbag yanga

Ireen 09:02
amene anamwa dzulo aja?

Ireen 09:09
musadandaule, Lizzie wawagulira ena

Ganizani 09:12
tikupakira. tinyamuka pompano, tifika kumeneko madzulo. nditumizire location

Sharon 09:13
Gani tikambirane kaye, ana sanadye and lero tinabooka massage

Ganizani 09:13
Sharon pls

Ireen 09:16
musakangane pa gulu, nkhani yatha kale. ababa akuti musavutike. Lizzie awaperekeza Loweruka mpaka pa border ya Muloza, ine ndikawachingamira pamenepo. akuti ana asangalale ndi madzi, mafuta musawononge

Ganizani 09:17
ayi sis sizingatheke. location pls

Ireen 09:19
mudzi wa agogo ako ukufuna ndikutumizire ka dontho ka pa map. dzina lake lokha ukulidziwa?

Ganizani 09:25
sis

Ireen 09:27
nayi voice note, Lizzie waitumiza pompano. ababa akucheza ndi azakhali pakhonde

Ireen 09:27
🎤 2:14

Ganizani 09:32
ndi Chilomwe chokhachokha. ndangomva dzina langa kawiri. akuti chani?

Ganizani 09:40
andikwiyira eti?

Ganizani 09:51
sis chonde ndimasulire. ngati anditukwana ingonena, ndilandira

Ireen 10:06
bola akanakutukwana

Ireen 10:09
azakhali anapha mbuzi Lolemba, anayala mphasa m'nyumba ziwiri kudikira alendo asanu. ndiye akufunsa kuti mwana wako Ganizani wakubweretsa uja ali kuti, ndimuone nkhope ndisanafe

Ireen 10:11
ababa akuyankha kuti unawafikitsa wekha pa galimoto mpaka pamsewu wolowera m'mudzi, koma a ku ntchito anakuitana mwadzidzidzi, unabwerera ukulira

Ireen 10:12
akuti Ganizani wanga ndi mwana womvera, sanandisiyepo ndekha

Ganizani 10:12
akulemba...

Sharon 10:31
so tikupita or tikutsala? a massage akufunsa