Makapisozi a amake Tisa

Lachinayi, Okutobala. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Lero amake Tisa, mayi wa kutchalitchi kwathu amene amaphwanya miyala m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga, agwa ali pantchito. Anzawo anawathira madzi n'kuwatengera kunyumba pa wilibala. Nditamva ndinathamangira komweko.

Ndine ndinawagulitsa makapisozi otchedwa amino amene akhala akumwa. Chitsekereni fakitale yathu, ntchito yanga ndi imeneyi. Ndinawauza mawu amene a kampani ya makapisoziwa anatiphunzitsa, kuti amapatsa mphamvu m'kati mwenimweni mwa thupi, munthu satopa, ndipo zonse za mu nyama ndi mazira zili momwemo. Sindinanene kuti azimwa atadya. Pabotolo zinalembedwa, koma m'Chingerezi.

Mwana wawo Tisa anandiuza pakhomo kuti chigulireni botololo, amake sadya m'mawa ngakhale masana, akuti nyama ili kale m'kapisozi. Chakudya amasiyira ana, iwo amameza kamodzi ndi madzi n'kunyamula hamala.

Ndinalowa ndikuyembekeza kutukwanidwa. Anali gone pamphasa, milomo itauma, fumbi la miyala lili m'tsitsi. Anandigwira dzanja.

"Ba Yotamu, musadandaule, mankhwala yanu ni yabwino. Yanasila pa Sande, ndiye chifukwa nagwa. Munibweretsereko botolo ina."

Mabotolo awiri anali m'chikwama kumsana kwanga. Ndikanawauza zoona pomwepo. Koma ndinangoti, "Nizaona, amai."

Chikwamacho chili apa pampando. Mawa m'mawa amake adzatuma Tisa kudzagula botolo, ndipo kunyumba kuno unga wa nsima watha, ndiye ine sindikudziwa ngati ndimugulitse kapena ayi.