Beseni Lanu Lopindika Lija

Amayi,

Kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Ine sabata ino tulo sindikutiona, ndipo chondisowetsa tulocho ndi beseni lanu la tomato, lachitsulo lija lopindika mbali imodzi. Koma ndiyambe ndi zabwino, paja munkadana ndi munthu wofika pakhomo ndi dandaulo asanapereke moni.

Malita, mdzukulu wanu, anachira bwino ku chipatala ku Balaka. Ndi mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Akamalira amakwinya chipumi ngati inu wogula akanenerera mtengo. Chimanga chaka chino ntchemberezandonda zatilanda theka, koma nandolo wachita bwino. Malo anu a pamsewu pa Phalula ndikukhalapo ndine, ndipo madalaivala akale akaima amafunsabe kuti, “Amayi a basela aja ali kuti?”

Tsopano za achimwene a Bene, mwana wanu woyamba. Munawasiya atangochoka pa umeya wa mumzinda muja. Pano ndi gavanala wa chipani wa chigawo chino, ndipo akufuna mpando wa phungu konkuno. Anthu sawatchulanso dzina, amangoti a Gavanala.

Ndiulule kulakwa kwanga. Titaika maliro anu, anandipempha beseni lija kuti akhale ndi chokukumbukirani. Anali ndi misozi m'maso, ine ndinawapatsa. Mwezi watha ndikupita kukagula usipa ku Liwonde ndinapeza msonkhano wawo pafupi ndi mlatho. Ali pansanja, alinyamula m'mwamba beseni lanu, akuti, “Ine ndine mwana wa mayi wogulitsa tomato. Mukuona popindikapa? Mayi anga anagwa nalo pamvula akufunafuna fizi yanga.” Amayi ogulitsa nsomba anaimba nthungululu, ena akupukuta misozi ndi chitenje.

Inu ndi ine tikudziwa chimene chinapinda besenilo. Chaka chimene anali meya munakwera minibasi kukawaona, mutanyamula tomato woti mugulitse panjira kuti musakawapemphe yobwererera. Mlungu umenewo n'kuti atalamula kuti mavenda onse achotsedwe m'misewu. Asikali a khonsolo anakupezani pafupi ndi depoti, mmodzi anamenya beseni ndi jombo, tomato yense m'ngalande, inu n'kugwera phewa. Anakusungani mpaka madzulo, kenako anakubwezerani beseni lopanda kanthu. Kunyumba kwa mwana wanu simunakafikeko. Ndikukuthowani phewa munandigwiritsa kolona, mukuti, “Terezia, lumbira. Bene asadzamve. Angachite manyazi pantchito pake.” Ndinalumbira. Phewa limenelo silinachirenso, ndipo nthawi yodwala yomaliza ndinkakutembenuzirani mbali imodzi yokha.

Zaka zonsezi ndakhala ndikusunga pakamwa. Achimwene akabwera ndi galimoto zawo ndinkawaphera nkhuku, mtima ukuwawa, n'kumadziuza kuti sakudziwa, munthu sungamuimbe mlandu pa chimene sakudziwa. Mkwiyo wangawo ndinkakaulapa kwa abambo mfumu ngati tchimo langa.

Lolemba achimwene anafika pamsika. Sanatsike, anangotsitsa galasi n'kundiitana. Akuti Loweruka kuli msonkhano waukulu pano pa Phalula, ndipo akufuna ndikaime nawo pansanja nditavala chitenje chanu cha ku tchalitchi, ndikauze anthu mmene ankakusamalirani. Ndinati, “Achimwene, ine pagulu sinditha kuyankhula.” Iwo anaseka, akuti, “Iwe woimba kwaya ungalephere? Mawu awiri okha. Koma za ku depoti zija usakazitchule.”

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Ndinati, “Za ku depoti ziti?” Akuti, “Usadzipusitse, Tere. Ukuganiza kuti beseni lija linabwerera lokha? Katundu wolandidwa sabwezedwa. Ndine ndinatuma uthenga kuti gogoyo mupatseni beseni lake azipita. Ukanafuna nditani, nditsike pamaso pa atolankhani ndinene kuti awa ndi amayi anga?” Atatero anandifunsa ngati tomato wa chaka chino ali ndi msika, galasi n'kukwera.

Gogoyo. Amayi, ankadziwa. Anadziwa tsiku lomwelo, inu mutakhazikidwa pa simenti ya khonsolo phewa likutupa, iwo ali mu ofesi yapamwamba. Ankadziwa pamene ankadya nkhuku zanga. Ankadziwa pamene anayankhula pamanda panu mpaka dzuwa kupendeka. Ife tinkabisira munthu chinthu chimene anali nacho kale m'thumba.

Munkandiuza poyala malonda kuti tomato woola ndisamamuike pansi pa mulu, chifukwa wogulayo ali ndi ana kunyumba. Anthu adzabwere Lowerukawa ndi anzanu, Amayi. Ndi amayi a mbatata, a makala, a mandasi, ndipo akukhulupirira kuti munthu wonyamula beseni sangadzawathamangitse pamsewu. Ndikakayankhula zimene akufuna achimwene, ndiye kuti woolayo ndamuika pansi ndi manja anga. Ndikakanena zoona, ndaswa lumbiro limene ndinachita nditagwira kolona yanu, ndiponso ndavula mwana wanu pagulu. Abambo mfumu ndinawafunsa Lachiwiri. Anati lumbiro linali loteteza munthu wosadziwa, tsono poti akudziwa, ndipemphere ndione ndekha. Ndapemphera, koma amene ndinawalumbirira ndinu, si iwo.

Mwina inunso munkadziwa kuti akudziwa, n'chifukwa chake simunapitirire kunyumba kwawo tsiku lija. Zimenezi ndikaziganiza ndimalephera ngakhale kumaliza Tikuoneni Maria.

Lero ndi Lachitatu. Chonde ndiyankheni lisanafike Loweruka, kaya kutulo, kaya m'mawu a pa Misa ya Lachisanu, ine ndidzazindikira kuti ndinu. Mundiuze ngati mwandimasula. Mukakhala chete sindidzaswa lumbiro, koma bodza sindikanenanso, ndipo chitenje chanu chikhala m'sutikesi. Ndidzakwera pansanjapo ndi zovala zanga za pamsika, akadzandipatsa maikolofoni ndidzawabwezera, ndidzatenga beseni lanu m'manja mwawo, n'kutsika nalo anthu akuona. Lolemba lidzakhala pamsewu, lodzaza tomato. Zimenezo ndiye ndikulonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Terezia