Bambo Mulibe M'matepi Awo

Lolemba, 6 Meyi

Achemwali abweretsa katoni ya matepi ku ofesi. Khumi ndi imodzi. Akuti Loweruka la sabata yamawa bambo akukwanitsa zaka 70, ndiwapangire kanema wa mphindi khumi woti alendo adzaonere. "Tsiku ndi tsiku uli pa makanema a maukwati a eni ake. Wa bambo ako ukukanika pati?"

Sindinakane, sindinavomerenso. Katoni ili pansi pa tebulo, ikununkha chinyezi.

Chiwagwireni sitiroko mu Januwale, bambo atsala ndi liwu limodzi: chabwino. Ukawafunsa ngati pakupweteka, chabwino. Ukawapatsa mankhwala, chabwino. Munthu amene moyo wake wonse sindinamumvepo akuyamikira kanthu. Nditawauza kuti ndikufuna kuphunzira za makanema anati, "Uzikajambula anzako akudya." Mawu awo ataliatali amene ndimakumbukira ndi amenewo.

Lachiwiri, 7 Meyi

Makutu, mnzanga wokonza mawu m'makanema athu, wabwereka makina akale oseweretsera matepi. Matepi atatu anachita nkhungu, afa. Asanu ndi atatu alowa m'kompyuta. Maola 14.

Lachitatu, 8 Meyi

Ndaonera tepi 1 mpaka 5, kope pambali, monga ndimachitira ndi kasitomala aliyense.

Vuto: bambo mulibe. Ndi iwo ankagwira kamera. Ndapeza chala chawo chachikulu pakona ya chithunzi, kawiri. Chithunzithunzi chawo pakhoma. Masekondi anayi pagalasi la kabati, atavala ovololo ya ku galaja, nkhope yabisika kuseri kwa kamera. Basi.

Ndaimbira achemwali. Akuti ndingoikamo zithunzi za mu abamu, maluwa m'mbali, pansi kanyimbo kachisoni. Ndati bambo sanafe.

Bambo monga wojambula: dzanja lolimba, la makaniko, silinjenjemera. Sakokera chithunzi pafupi ndi batani, akafuna pafupi amayenda okha. Amachedwa kuzimitsa.

Lachinayi, 9 Meyi

Ukwati wa eni ake tsiku lonse. Mkwatibwi akufuna ndimuchepetse masaya.

Lachisanu, 10 Meyi

Makutu anaima kumbuyo kwanga ndi kapu yake ya tiyi, kuonera tepi 6. Wafunsa ngati bambo ndi aafupi. Ndati ayi, ankawerama polowa pakhomo. "Nanga bwanji zonsezi zajambulidwa kuchokera m'chiuno?"

Ndabweza kuyambira tepi 1. Zoona. Akamajambula alendo, amalume, galimoto ya munthu, kamera ili pamwamba, pa msinkhu wawo. Tikangotulukira ife ana, chithunzi chimagwedezeka pang'ono n'kutsika. Pena kumamveka bondo likulira. Ankagwada. Matebulo akuoneka kunsi kwake, akuluakulu adulidwa mitu, athunthu ndife tokha. Ife zimenezi tinaphunzira chaka chachiwiri ku sukulu ya makanema, ndi dzina lake lovuta, mayeso n'kulemba. Iwo sukulu analekera panjira.

M'tepi 6 momwemo muli mpikisano wothamanga kusukulu. Ndili ndi zaka mwina 8. Wopambana sakuoneka n'komwe, kukungomveka kuwomba m'manja kwinakwake kumanzere. Kamera ili pa ine, womaliza, masekondi 40, mpaka pamzere. Akanakhala kasitomala ndikanasiya asanu okha.

Tsiku limenelo ndimalikumbuka. Pobwerera anangoti, "Nsapatozo uzimanga bwino." Ndinkayesa ndawachititsa manyazi.

Loweruka, 11 Meyi

Kwa achemwali masana. Bambo pampando wawo pafupi ndi zenera, dzanja lamanja lili pa pilo ngati si lawo. Ndevu zakula, alamu amaopa kuwacheka. Ndawauza za matepi, kuti atatu afa, kuti enawo akuoneka bwino. Chabwino.

Ndakhalako mphindi 20. Ndili m'basi ndi pomwe ndazindikira kuti nthawi yonseyo ndinaimirira, chikwama paphewa.

Lolemba, 13 Meyi

Tepi 8, mphindi ya 31. Ndikuphunzira njinga pa kamsewu ka kuseri kwa nyumba. Ndikupita, ndikupita, ndagwa. Chithunzi chikuzungulira: mitambo, waya wa magetsi, udzu. Aiponya. Kamera imene ngakhale malemu amayi sankaloledwa kuipukuta. Yagona cham'mbali, ikuonetsa mapazi awo akuthamanga, patapata mmodzi watsala panjira. Kenako udzu wokhawokha, mphindi zisanu ndi imodzi.

Ndimafuna kudumpha. Makutu wati dikira, pansi pa mphepoyo pali kanthu. Watenga chigawocho. Titabwerako ku nkhomaliro wandiveka mahedifoni, atachotsa mphepo ndi galu wa aneba. Mwana akulira. Kenako mawu aamuna, chapansipansi:

Njinga yapepesa,
bondo lakhululuka,
tiyeni kunyumba.

Mobwerezabwereza, mpaka kulira kwatha, kwatsala kusisima.

Sindinawamvepo bambo akuimba. Anthu akamaimba iwo ankangogwedeza milomo. Chipsera chili pabondo mpaka lero, koma nyimboyi m'mutu mwanga munalibe.

Makutu watuluka, akuti akukasuta. Sasuta.

Lachiwiri, 14 Meyi

Sindiikamo nyimbo ina iliyonse. Udzu ukhala mphindi yathunthu. Achemwali akalipe.

Lachitatu, 15 Meyi

Ndapita ndi bambo kuchipatala, tsiku lawo lokumana ndi mayi wowaphunzitsa kulankhula. Wawaonetsa chithunzi cha kapu. Chabwino. Cha kiyi. Chabwino. Thukuta pamphumi, dzanja lamanzere lafinya bulangete. Akudziwa kuti ndi kiyi, zikuoneka m'maso.

Ndamufunsa mayiyo za nyimbo. Wati kwa odwala ena kuimba kumadzera njira ina m'mutu, moti mawu amene akukanika kulankhulidwa amatha kutuluka akamaimbidwa. Kwa ena, osati onse. "Musayembekezere zambiri. Ndipo musawasandutse mwana wolemba mayeso, amatopa."

Pakhonde, tikudikira alamu ndi galimoto, ndawaveka bambo mahedifoni kuti amve kanyimbo kaja. Amvetsera mpaka kumapeto. Chala chimodzi chimagunda pa chitsulo cha chikuku chawo, mochedwa pang'ono, koma chimagunda. Itatha avula okha mahedifoni, andipatsa, ayang'ana kumbali komwe kunali munthu akukolopa. Chabwino uja sanabwere.

Lachinayi, 16 Meyi

Ndamaliza. Mphindi 9, masekondi 12. Achemwali aonera pa foni yanga ataimirira kukhitchini. "Kanema wa bambo wopanda bambo." Aoneranso kachiwiri. Kenako afunsa, maso ali pa foni, ngati mpikisano wawo ulimo m'matepi enawo. Ulimo, tepi 2. Iwo anamaliza achiwiri, ndipo woyambayo kamera sinamuonenso. Ndiwonjezera mawa.

Loweruka, 18 Meyi

Alendo abwera 2 koloko, ndikulemba msanga.

M'mawa ndinati bambo ndiwameta ndine. Beseni, sopo, lezala yatsopano, thaulo paphewa pawo. Sindinawagwirepo nkhope chibadwire. Khungu lafewa, kumanja tsaya lalendewera, umafunika kulikoka ndi zala ziwiri.

M'chipindamo munali zii, ndiye ndinayamba kung'ung'udza kanyimbo kaja osaganiza. Ndimaimba moipa, aliyense amadziwa. Pa "bondo" ndinakweza. Anandigwira pamkono, wa lezala womwewo. Anaimba mzerewo okha, motsitsa, mmene uyenera kukhalira. Mawu okhakhala, otuluka mbali imodzi ya pakamwa, koma onse: bondo lakhululuka.

Mayi uja anati tisawayese. Ndinaviika thaulo m'beseni, ndinawapukuta tsaya. Anatsinzina, anapuma kawiri, n'kuyambanso chuni chomwecho ndi mawu ena.

"Madzi akuzizira."

Ndinati, "Bambo?"

"Madzi. Akuzizira."

Ndinanyamula beseni kupita kukhitchini. Achemwali anali pa keke, akupaka zoyera zija ndi mpeni. Anafunsa ngati ndamaliza. Ndinati ayi, bambo akuti madzi akuzizira. Anati tereka ena, ketulo ili apo, n'kupitiriza kupaka.

Ketulo inali itayamba kale kulira pomwe anaika mpeni pansi n'kucheuka.

"Wati wanena ndani?"